Mapaundi Leveni a Pakamwa

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa azakhali anu anakusimbirani kale mpaka munatopa nazo. Ndiyambira pamene ndinagwira chiwongolero cha lole ya munthu n'kumalipidwa, ndipo ndikafike pa nkhani imodzi imene ndakhala ndikuilambalala ngati dzenje la pamsewu zaka zonsezi. Mukaona zilembo zikupendama musati ndi ukalamba wokha.

Chaka choyamba ku Mzuzu, nthawi ya Chitaganya

Mzuzu amene ndinamupeza ine sanali mzinda. Kunali nyumba zochepa za boma, minda ya mitengo ya mafuta yotchedwa tangi, matope ofiira ndi chifunga chimene chinkabisa munthu ali pa mtunda woti mungapatsane moni. Uko mukuti ku Chibavi lero kunali tchire ndi dambo. Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina wa malole anayi, amene ankatenga mchere, palafini ndi nsalu ku doko la Nkhata Bay n'kumagawa m'masitolo a kumpoto konse. Dzina lake lenileni silikuthandizani. Ife tinkamutcha Bwana Chifunga, chifukwa sunkadziwa chimene chituluke mwa iye mpaka chitakugunda. Lamulo lake lalikulu anandiuza tsiku loyamba lomwe, chala chili pamphuno panga: munthu amene walowa m'ndende, kaya pa mlandu wa nkhuku, asadzakhudzenso lole yake.

Kalaliki wake anali a Mhango, Mtumbuka wa ku Ekwendeni, munthu wowonda wosaseka wamba. Iwo ndiwo anandikhazika pansi kundifotokozera za ndalama.

“Pulikani makora, adada a ku Dowa,” anatero, kutanthauza kuti ndimvetsere bwino. “Malipiro anu ndi mapaundi sikisi pamwezi. Kupatula apo pali naiti. Usiku uliwonse umene mwagona kunja kwa Mzuzu ndi lole, mashereni asanu, a chakudya ndi pogona. Ziwirizi ndimazilemba m'mabuku awiri, ndipo inunso muzisunge m'matumba awiri.”

“Zonse si ndalama kodi, a Mhango?”

“Yayi. Malipiro ndi anu. Naiti ndi ya msewu. Msewu ukatsekeka, nayonso yatsekeka.”

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera. M'chilimwe dalaivala ankagona kunja masiku makumi awiri pamwezi, ndiye kuti mapaundi asanu apadera. Ine ndalama imeneyo sindinkaidya. Anzanga akamalipira chipinda ndi nyama, ine ndinkapinda miyendo m'kabini momwemo, chinangwa chootcha ndi tiyi wopanda mkaka, basi. Ndinkabwera nayo naiti yonse yathunthu n'kuiphatikiza ndi malipiro m'thumba limodzi. Pamene chaka chinkatha ndinali nditaiwaliratu kuti ndine munthu wa mapaundi sikisi.

Juni, chaka chachiwiri

Amayi anu ndinali nditawasiya kwawo ku Dowa ndi Rute ali ndi zaka ziwiri. Inu amene munabadwira m'tauni mumve bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Ukafuna kuchoka naye mkazi umapempha chitengwa kwa mwini mbumba, ndipo iye akalola ndiye kuti wakubwereka, sanakupatse. Mwini mbumba wa amayi anu anali atsibweni awo, a Zakeyu, mlimi wa fodya ndiponso mkulu wa mpingo. Sankakalipa munthu ameneyo. Ankangokufunsa funso n'kukhala chete, n'kumakuyang'ana mpaka iwe mwini uyambe kutuluka thukuta.

Tinakhala pansi pa chigafa chawo cha fodya, ankhoswe ali pomwepo. Atamva pempho langa anati, “Akamwini, kumeneko n'kutali, chilankhulo china, kulibe munda. Mbumba yanga ikadya ndalama. Nanga ndalamayo ndi zingati?”

“Mapaundi leveni, apongozi.”

Sindinachite kukonzekera. Anangotuluka okha mawuwo, ndipo mwezi umenewo analidi m'thumba mwanga mapaundi leveniwo, ndiye ndinadziuza kuti sindinaname. A Zakeyu anati, “Chabwino, atengeni. Koma tsiku limene ndidzamve kuti mbumba yanga yagona ndi njala, kapena yachita manyazi kuchilendo, sindidzalemba kalata. Ndidzabwera ndekha kudzatenga anthu anga.” Ndinawomba m'manja kuthokoza. Amayi anu sindinawauze za mabuku awiri aja, iwonso ankadziwa leveni yemweyo.

Okutobala, chaka chachisanu

Zaka zitatu zinayenda bwino. Yosefe anabadwa, tinali ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja, Rute anali atakwana zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ankayembekeza kuyamba sukulu. M'dzinja maulendo ankachepa, koma ndinkabisako kangachepe ka m'chilimwe, moti pakhomo palibe amene ankaona kusiyana. Ndiye kunabwera msonkho watsopano. Kale aliyense ankapereka mofanana, wolemera ndi wosauka, ukalandira chiphaso chako wathana nazo. Tsopano anati munthu azipereka molingana ndi zimene amalandira. Bwana Chifunga anakana zoti azivutika ndi mapepala athu, anati aliyense apite yekha kuboma akanene malipiro ake, amuike m'kalasi yake.

Tsoka lake, sabata imeneyo ndi imene a Zakeyu anatulukira kudzaona mbumba. Anali atagulitsa fodya, anakwera basi masiku awiri. M'mawa wa tsiku langa lopita kuboma ndinawapeza atavala kale jekete.

“Ndikuperekezeni, akamwini, ndikaoneko boma la kuno.”

Mungawakanize bwanji apongozi? Tinapita. Mzere unali pakhonde, tebulo la kalaliki wa msonkho lili poyera, aliyense akumva za mnzake. Ndinayesa kuwalozera benchi ya patali, iwo anati miyendo yawo ilibe vuto. Pamene ndinkafika patebulo anali kumbuyo kwanga kwenikweni, moti ndinkamva fungo la fodya wa m'jekete lawo.

“Dzina? Ntchito? Mumalandira zingati pamwezi?”

Mawu a a Mhango ndinawakumbuka bwinobwino, musaganize kuti ndinaiwala. Ndinkadziwa kuti yankho la boma ndi sikisi. Koma kumbuyo kwangaku kunali munthu woopsa kuposa boma.

“Leveni,” ndinatero.

Kalaliki anadzutsa mutu. “Dalaivala, leveni? Mwatiposa ife tomwe, adada.” Analemba, kenaka anandiwerengera mawu a m'munsi mwa pepala, akuti wonena zabodza pa pepalali ali ndi mlandu. Ndinasaina. Anandiika m'kalasi ya aphunzitsi aakulu, ndipo msonkho wake unkatsala pang'ono kufika pa malipiro anga a mwezi wathunthu, woti uperekedwe Januwale asanathe. Panjira a Zakeyu anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti, “Ndamva ndi makutu anga.” Ndipo poti munthu wa mapaundi leveni sangabweze apongozi chimanjamanja, ndinawagulira bulangete, chikhoti cha mvula, shuga ndi tikiti ya basi. Zonse zimene ndinasungira dzinja zinakwera basi imeneyo.

A Mhango atamva anavula magalasi. “Mwachita vichi, adada? Naiti salipirira msonkho. Mwadzisenzetsa katundu wa munthu wina. Tiyeni ndikulembereni kalata, mukakonze lero lomwe.”

Ndinakana. Mawu aja a m'munsi mwa pepala ankangolira m'makutu mwanga. Ndikabwerera kukanena kuti ndinanama, si ndiye ndadzipereka ndekha? Ndinati ndigwira ntchito Novembala ndi Disembala, naiti ilipira yokha.

Januwale ndi Febuluwale

Mvula chaka chimenecho inafulumira. Novembala asanathe msewu wa ku Nkhata Bay unagumuka pamapiri paja, malole anayi onse anaima pagalaja. Apo m'pamene ndinazindikira nzeru ya Bwana Chifunga yochepetsa malipiro n'kukuza naiti: lole ikaima, iye sataya kanthu, wotaya ndiwe. Disembala ndinalandira sikisi. Januwale sikisi. Pamenepo panali lendi, ufa wogula, makala, palafini, yunifolomu ya Rute. Msonkho unalibe polowera.

Mantha amene ndinali nawo miyezi imeneyo sindinawamveponso, ngakhale tsiku limene mabuleki anandithera pa mtsetse. M'mawa uliwonse popita kugalaja ndinkadutsa akaidi akutchetcha udzu kuboma, makabudula oyera, ambiri a iwo a mlandu wa msonkho womwewu. Ndinayamba kuwayang'ana miyendo kuti ndione ngati amawamanga. Ndikaona mesenjala wa boma pa njinga, ndinkakhotera kuseri kwa lole n'kumanamizira kuona matayala. Ndinkaziwerenga motsatana ngati masiteshoni a panjira: chisamani, ndende, ntchito yatha, kenaka a Zakeyu pakhomo kudzatenga amayi anu ndi ana. Chakudya chinasiya kulowa. Amayi anu anandifunsa kawiri kuti, “Abambo a Rute, kodi ndalama zikupita kuti masiku ano?” Ine ndinawakalipira kuti za ndalama si za akazi. Sanafunsenso, koma anayamba kununkhiza malaya anga asanawachape.

Pakati pa Febuluwale bwana anafuna munthu wotenga mchere wotsala m'nyumba ya katundu n'kupita nawo ku Chitipa, kumene nthawi imeneyo tinkati ku Fotihili. Madalaivala anzanga atatu onse anakana, anati njira imeneyo m'dzinja ndi manda. Ine ndinaimika dzanja. Anandiyang'ana ngati wamisala, osadziwa kuti ine ndikuona mashereni okhaokha.

Kupita ndinapita, matcheni kumatayala, mtima uli m'mwamba. Pobwerera, ndisanafike ku Rumphi, ndinapeza mlatho wa mitengo wapita ndi madzi. Kumbuyonso kamtsinje kamene ndinawoloka m'mawa kanali katadzaza. Ndinakhala pakati pa madzi awiriwo masiku asanu ndi anayi, anthu a mudzi wapafupi akundipatsa maungu posinthana ndi palafini wa m'nyali yanga. Ndikuuzeni zoona zochititsa manyazi: ndinkakondwera. Kukacha ndinkalemba kamzere pa chitseko cha lole ndi msomali, mashereni asanu, n'kumapempha Mulungu kuti madzi asaphwe msanga. Munthu wamkulu, bambo wa ana awiri, kupempherera chigumula.

Nditafika pagalaja Bwana Chifunga anayang'ana pepala langa la ulendo n'kufufuta ndi pensulo. Anati ulendowo ndi wa masiku anayi, alipira anayi, iye sananditume kukagona pamtsinje. Ndisanatsegule pakamwa a Mhango anandikokera panja.

“Zisiyeni izo, pitani kunyumba. Mesenjala anabwera ndi chisamani inu mutangochoka. Amama a kunyumba kwanu anachita mantha, anaganiza kuti mwathawa, anatumiza telegalamu kwawo. Apongozi anu afika mayiro.”

Mayiro, ndiye kuti dzulo lake. Ndinakhala pa tayala lakutha limene linali pakhomo la galaja.

Lachiwiri lotsatira

Masiku atatu a Zakeyu sanandifunse kanthu. Ankadya, ankapemphera, ankaseweretsa Yosefe, ndipo ndinawaona akusuzumira m'thumba la ufa. Funso analisungira pakhonde la boma, m'mawa wa tsiku la mlandu, amayi anu ataima pambali ndi mwana kumsana.

“Akamwini, ndagulitsa mbuzi ziwiri, ndalama ili m'thumbamu. Kundende simupita, sindingalole bambo wa adzukulu anga atchetche udzu. Koma mundiuze kaye. Munthu wa mapaundi leveni, samwa mowa, m'nyumba mulibe ufa, msonkho walephera. Ndalama imeneyi ikudyedwa ndi ndani? Kodi panjira pamene mumagonapa pali khomo lina?”

Ndinayang'ana amayi anu, ndikuyembekeza kuti andikanira. Iwo anayang'ana pansi. Apo ndinadziwa kuti nawonso akhala akuganiza zomwezo miyezi yonseyi.

Ana anga, onani pamene ndinaima. Ndikanakhala chete, a Zakeyu akanalipira, boma likanandisiya, ntchito ikanatsala, koma ndikanasanduka mwamuna wa chibwenzi pamaso pa mkazi wanga, ndipo basi ya Lachinayi ikanawatenga onse. Ndikanena zoona, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndituluka m'chipinda cha mlandu ndi chingwe m'chiuno chifukwa chonamiza boma. Ndisanayankhe, mesenjala anaitana dzina langa.

M'katimo munali bwana wamng'ono wa boma, mzungu, ndi womasulira wake. Anandifunsa chifukwa chimene sindinalipirire.

“Bwana, ndinanama. Malipiro anga ndi mapaundi sikisi. Zinazo ndi naiti, ya chakudya cha panjira, ndipo m'dzinja kulibe.”

Womasulira anandiyang'ana n'kufunsa ngati anenedi zimenezo. Ndinati anene. Mzungu uja anakwinya nkhope, anafunsa kawiri ngati wamva bwino. Anati wakhala akuona anthu ochepetsa malipiro awo tsiku ndi tsiku, koma wowonjezera anali asanamuonepo, ndiye ndimuuze chifukwa chake. Ndinati apongozi anga anali ataima kumbuyo kwanga. Womasulira anabisa pakamwa ndi dzanja. Mzungu anatuma mesenjala kugalaja, a Mhango anabwera ndi mabuku awo awiri, anatsegula, n'kuloza ndi chala mwezi ndi mwezi. Pa mphindi zochepa chabe dzina langa linafufutidwa m'kalasi ya aphunzitsi n'kulembedwa m'kalasi yapansi. Naiti ya masiku anayi ija, kuphatikiza mashereni amene a Mhango anandibwereka, zinakwanira. Chilango panalibe. Mzungu anangoti ndisadzamutayirenso nthawi. Miyezi inayi yonse ndinaonda chifukwa cha chinthu chimene chikanatha ndi kalata imodzi mu Okutobala.

Ndinatuluka thupi lili lopepuka, mpaka ndinaona a Zakeyu. Chitseko chinali chotsegula, anamva zonse. Amayi anu ankalira mwakachetechete, ndipo ndikhulupirira kuti theka la misozi imeneyo linali la mpumulo. Koma atsibweni awo anali atakhala pabenchi, chipewa pabondo.

Analankhula titafika kunyumba. “Akamwini, za mkazi wina ndakupepesani, ndinakuganizirani molakwa. Koma ine mbumba yanga ndinaipereka kwa munthu wa leveni, ndipo munthu ameneyo kulibe. Munandinamiza pansi pa chigafa changa, pamaso pa ankhoswe. Bulangete lija ndafunda miyezi inayi osadziwa kuti ndafunda ufa wa adzukulu anga.”

Ndinagwada. Ndinati chilimwe chikubwera, naiti iyambanso.

“Nanga dzinja likubweralo? Ayi. Banja sindithetsa, poti mwanena zoona pamene chete akanakupulumutsani. Mkazi wanu akhale, wakhandayu akhale ndi amake. Koma sikisi sangadyetse anthu anayi m'tauni. Wamkuluyu ndipita naye, akadye za kumunda. Mukadzafika pa leveni weniweni, wa m'buku, mudzamutenge.”

Amayi anu anapempha, a Zakeyu sanasinthe. Mwana sanali wanga woti ndingamukanize, ndipo mlandu unali wanga.

Rute, mwana wanga, apa ndikulankhula ndi iwe. Unali utalowa m'kalasi masabata asanu okha. Lachinayi m'mawa ndinakunyamula ndekha mpaka pa basi, utavala yunifolomu yako chifukwa unakana kuivula, ndipo unandifunsa ngati kwa agogo kuli sukulu. Ndinati iliko. Inalikodi, koma kutsidya kwa mtsinje, ndipo unasiyira Sitandade 2. Leveni wa m'buku ndinamufika patapita zaka zisanu ndi zinayi, kwa bwana wina, dziko lili kale m'manja mwathu. Nditapita kukakutenga ndinapeza akukambirana za ukwati wako. Alongo ako ndi ang'ono ako onse anaphunzira, wina mpaka kunja, ndipo nthawi zonse ukafunsa chifukwa chake iwe wekha unakulira kumudzi tinkakuuza kuti kuzizira kwa Mzuzu kunkakudwalitsa chifuwa. Amayi ako anapita kumanda akusunga bodza limenelo pofuna kundiphimba ine. Sunadwalepo chifuwa, Rute. Ndikudziwa kuti tsamba ili suliwerenga wekha, akuwerengera ndi Yosefe. Yosefe, usadumphe mzere ngakhale umodzi.